Ku Roma, pa Msewu wa Nyani: Ulendo Wofuna Magalasi

Munthu akapyola zaka 40, limafika tsiku limene mkono wake uoneka ngati wafupika. Kalata imene kale anali kuwerenga mosabvuta ayamba kuikankhira kutali ndi nkhope, kenaka aisendezera ku zenera kumene kuli kuwala, ndipo potsiriza aitana mwana kuti amuwerengere. Amai amene anali kulowetsa ulusi m'singano ngakhale dzuwa litalowa, tsopano angonyambita ulusi nkumalasa pambali. Zimenezi si matenda ndiponso si kulodzedwa ai. Mkati mwa diso muli kagalasi kofewa kamene kamakhuthala tikayang'ana pafupi, ndi kupyapyala tikayang'ana kutali. Zaka zikamacuruka kagalasi kameneka kauma pang'onopang'ono, ndipo diso lilephera kugwira zinthu zimene ziri pafupi.

Ambiri a ife tithamangira ku Kamwala kapena ku msika wa Kapata kukagula magalasi owerengera, ndipo pa buku amathandiza ndithu. Bvuto lake ndi lakuti ukangodzutsa mutu kuti uone amene akugogoda pa citseko, dziko lonse lisanduka nkhungu. Tsono munthu amene maso ake afooka pafupi ndi patali pomwe ayenera kuyenda ndi magalasi awiri m'thumba, kubvula awa ndi kubvala awo tsiku lonse. Ine ndakhala wotero kwa zaka zambiri: magalasi ena oyendetsera njinga, ena owerengera Mau pa Misa ndi kulembera mabuku a kabungwe kathu ka alimi.

Magalasi a maso atatu

Anthu anzeru anayesa kale kuphatikiza magalasi awiriwa. Benjamin Franklin wa ku America anafotokoza m'zaka za m'ma 1780 za magalasi ake odulidwa pakati, oonera kutali pamwamba ndi owerengera pansi. Amenewa ndi aja achedwa bifocal, amene tiwazindikira ndi kamzere kopingasa pa galasi. Koma m'caka ca 1959 katswiri wina wa ku France, Bernard Maitenaz, anatulutsa galasi la mtundu watsopano limene analicha Varilux. Pa galasi limeneli palibe mzere. Mphamvu yake isintha pang'onopang'ono kucokera pamwamba kutsikira pansi: pamwamba uonera phiri ndi msewu, pakati uonera nkhope ya mnzako amene wakhala naye pa thebulo, ndipo pansi uwerengera. Magalasi otere ndiwo achedwa progressive.

Ubwino wao uli ndi mtengo wake. Kuti mphamvu isinthe popanda mzere, m'mbali mwa galasi, kumanzere ndi kumanja, mukhala malo amene zinthu zioneka zopindika ndi zosaoneka bwino. Poonera pabwino ndi kanjira kopapatiza kotsika pakati pa galasi, ndipo kanjira kameneka kayenera kulunjika ndendende pa kamwana ka diso. Kakaphonya ndi mamilimita awiri kapena atatu cabe, munthu amva cizwezwe, mutu umuwawa, ndipo magalasi a ndalama zambiri atsirizira m'kabati. Ndiye cifukwa cake magalasi amenewa sagulidwa monga malaya. Cimene ugula kwenikweni ndi luso ndi kudekha kwa munthu wokupima.

Mu Okutobala 2025, caka ca Jubili, ndinapeza mwai wokaceza milungu itatu ku Roma kwa mwana wa mlongo wanga amene aphunzira kumeneko. Ana anga anasonkherana ndalama nati, "Atate, Italy ndi kwao kwa magalasi. Mukabwere ndi amodzi okha, tatopa kukufunirani ena pansi pa mpando." Ndalama zimenezo zinali thukuta la anthu anai, ndipo ndinadziwa kuti magalasi akalakwika sindidzakweranso ndeke kukadandaula. Ndisananyamuke ndinapita kwa dokotala wa maso ku Lusaka, amene anaona kuti ndiribe ng'ala yokhwima, anapima kuthina kwa madzi a m'diso, nafunsanso za matenda a shuga, pakuti shuga ikakwera manambala a maso amasinthasintha. Pepala lake ndinalisunga pamodzi ndi pasipoti.

Dziko limene magalasi anabadwira

Ndeke inatitengera ku Addis Ababa, ndipo m'mawa mwake tinatera pa bwalo la Fiumicino. Sitima yochedwa Leonardo Express itenga mphindi 32 kufika pa siteshoni yaikuru ya Termini, pakati pa mzinda. Cinthu coyamba cimene mlendo wa maso ofooka aphunzira ku Roma ndi kuyang'ana pansi. Miseu yakale inayalidwa ndi timiyala takuda tochedwa sampietrini, tosalingana, ndipo kukagwa mvula timaterera ngati therere.

Ana anga sananame. Magalasi obvala kumaso anayambira ku Italy ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1200. M'caka ca 1306, wansembe wa cipani ca Dominiko Woyera, Giordano da Pisa, polalika mu mzinda wa Florence anauza anthu kuti zaka 20 zinali zisanakwane ciyambire luso lopanga magalasi, ndi kuti iye mwini anamuona ndi kulankhula naye munthu amene analitulukira. Mnzake wa m'cipani comweco ku Pisa, Alessandro della Spina, akumbukiridwa cifukwa anaphunzira kupanga magalasi ndi kuphunzitsa ena mosabisa. Cithunzi cakale kopambana coonetsa munthu atabvala magalasi ciri ku Treviso, kumene Tommaso da Modena anajambula Kardinala Hugh wa ku Saint-Cher m'caka ca 1352, atawerama pa zolemba zake. Nzosadabwitsa kuti anthu oyamba kukondwera ndi magalasi anali aja okopera mabuku pa manja, amene ukalamba unali kuwalanda nchito nzeru zao zikali zakuthwa. Kufikira lero, kumapiri a kumpoto kwa Italy, m'dera la Belluno, ndiko kucokera mafelemu ambiri ochuka. Kumeneko, m'tauni ya Agordo, Leonardo Del Vecchio anayambitsa kampani ya Luxottica m'caka ca 1961, ndipo mu 2018 inaphatikana ndi Essilor ya ku France, eni ake a Varilux.

Muphwa wanga anandilongosolera mau awiri ofunika. Oculista ndi dokotala wa matenda a maso. Ottico ndi mwini sitolo amene apima mphamvu ya maso ndi kukonza magalasi. Mau akuti Ottica uwaona pa zikwangwani pafupifupi mu msewu uliwonse, kotero kuti kupeza sitolo si nchito. Nchito iri pa kusankha.

Sitolo yoyamba

Tinayambira pa sitolo ina yowala kwambiri m'dera lodzaza alendo. Magalasi a dzuwa anali ndandanda kucokera pansi kufika kudenga, ndipo mnyamata wogulitsa anatilandira ndi Cingelezi cosalala. Asanaone pepala la dokotala anali atandibveka kale mafelemu atatu ndi kundiimika pa kalirole. Pamene muphwa wanga anafunsa za kupima, iye anati makina adzacita zonse m'mphindi zisanu. Pamene tinafunsa dzina la kampani yopanga galasi lenilenilo, anayankha kuti onse ndi abwino. Pamene tinafunsa cimene cidzacitika ngati maso anga akana magalasiwo, anayamba kukamba za kutsitsa mtengo tikagula awiri.

Titatuluka muphwa wanga anati, "Amalume, mwaona bwanji?"

Ndinati, "Cikomekome ca nkhuyu, mkati muli nyerere. Wandifunsa za mtundu wa felemu katatu, koma sanandifunse nchito imene maso anga agwira."

Msewu wa Nyani

Tsiku lotsatira tinakwera sitima ya pansi pa nthaka kufika pa Flaminio, ndi kulowa m'bwalo lalikuru la Piazza del Popolo. Kucokera pa bwalo limeneli miseu itatu imwazika ngati zala za nkhuku: Via di Ripetta, Via del Corso ndi Via del Babuino. Dzina la wacitatuwu litanthauza Msewu wa Nyani. Pambali pa chalichi ca Sant'Atanasio pali cosema cakale ca munthu wogona camphepete pamwamba pa kasupe wa madzi. Anthu a ku Roma anaciona kuti ncoipa nkhope, nacicha nyani, ndipo dzinalo linamamatira ku msewu wonse. Kale anthu anali kupacika pamenepo timapepala todzudzula akuluakulu a mzinda, popeza mwala sungamangidwe.

Msewu umenewu ndi wa masitolo odula, koma uli ndi mbiri imene ikhudza nkhani yathu. Madzulo ena mu Seputembala 2015, galimoto yaing'ono inaima pa kasitolo kena ka magalasi, ndipo munatuluka Papa Francis. Mwini sitoloyo anali atazolowera kupereka magalasi ku Vatican, koma tsikulo Papa anabwera yekha monga wogula wina aliyense. Anakana felemu yatsopano, nati angosintha magalasi okha m'felemu yakale, ndiponso anaumirira kuti alipire. Khamu la anthu linaunjikana pa zenera kuonerera mkulu wa Mpingo akupimidwa maso. Mu Julayi 2024, miyezi isanu ndi inai asanamwalire, anabwereranso ku sitolo yomweyo.

Tinaima kutsidya kwa msewu kuyang'ana kasitoloko, kamene ndi kakang'ono kuposa magolosale ambiri a ku Chipata. Ndinatolapo zinthu ziwiri. Coyamba, munthu amene akanatha kuitanitsa katswiri aliyense pa dziko anamamatira kwa mmodzi amene anadziwa maso ake kwa zaka zambiri. Caciwiri, anapita yekha ndi nkhope yake, pakuti mphuno ndi makutu sizitumizidwa pa kalata. Muphwa wanga anati, "Tsono ife tifunse anthu amene akhala muno, kumene iwo apita caka ndi caka."

Kuona maso a nkhono nkudekha

Safunsa anadya phula. Tinafunsa mlonda wa pa nyumba imene muphwa wanga akhala, tinafunsa mai wogulitsa buledi, ndiponso nkhalamba ziwiri zimene zinali kutuluka m'chalichi zitabvala magalasi. Atatu mwa anaiwo anachula sitolo imodzi ya ku Via Appia Nuova, msewu wautali wa malonda woyambira pafupi ndi San Giovanni in Laterano, kumene eni mzinda agula zinthu zao. Masitolo ang'onoang'ono a kumeneko atseka ca m'ma 13 koloko ndi kutsegulanso ca m'ma 16 koloko, conco tinafika madzulo.

Mwini wake anali mai wacikulire wa imvi, wosadziwa Cingelezi, ndipo muphwa wanga ndiye anali womasulira. Funso lake loyamba linali lakuti, "Mubwerera liti kwanu?" Atamva kuti kwatsala masiku 17 anawerenga pa zala nati nthawi ikwana, koma pang'ono: mlungu umodzi kuti magalasi abwere kucokera ku fakitale, mlungu wina kuti ndiwayese, ndi masiku otsalawo ngati pafunika kukonza. Anati ndikanakhala ndi masiku asanu akanandibweza, cifukwa iye sagulitsa progressive kwa munthu amene sadzamuonanso.

Kenaka anafunsa za moyo wanga. Kodi ndiwerenga nditakhala kapena nditaimirira? Buku likhala patali bwanji? Kodi ndiyendetsa galimoto? Ndigwiritsa nchito kompyuta? Nditamuuza za kuwerenga pa Misa anandiimiritsa, naika buku lalikuru pa kauntala, napima ndi tepi kucokera pa diso kufika pa tsamba. Anati anthu ambiri awerenga pa masentimita 40, koma buku la pa gome lowerengera likhala kutali kuposa pamenepo, ndipo cifukwa ca ici ndifunika galasi limene cigawo cake capakati ndi cotakata. Anawerenga pepala la ku Lusaka mwaulemu, napimanso maso anga yekha kwa theka la ola, ndipo manambala ake anagwirizana ndi a dokotala wathu. Anayesanso magalasi anga akale pa makina kuti adziwe cimene maso anga anazolowera.

Ndinali nditakonda felemu ina yopyapyala ya maonekedwe a cinyamata. Iye anapukusa mutu. Anati galasi lake ndi lalifupi kwambiri kucokera pamwamba kufika pansi, kotero kuti powerengera padzadulidwa. Anandisankhira ina yakuya pafupifupi masentimita atatu, ya timapazi ta pamphuno totheka kupinda, ndipo inali yochipa kuposa imene ndinafuna ine. Pamenepo mtima wanga unakhala pansi, pakuti wamalonda amene akukaniza cinthu codula ndi wosowa.

Anayamba wapinda felemuyo kuti ikhale bwino pa mphuno ndi kumakutu, ndipo atatero ndi pamene anapima. Mtunda wocokera pakati pa mphuno kufika pa kamwana ka diso anaupima diso lirilonse palokha: kumanja 33, kumanzere 31. Anati nkhope za anthu sizilingana mbali zonse, ndipo amene angopima mtunda wonse ndi kugawa pawiri aphonyetsa kanjira kaja. Anandiuza kuti ndiime monga ndiimira masiku onse, osadzikokera ngati msilikali, nalemba kadontho ndi peni pa galasi lirilonse, pamene diso liyang'anira. Anandiyendetsa m'sitolo, nandiimikanso, naonanso timadontho tija. Makina ojambula nkhope anali nao, koma anati makina atsimikiza cabe zimene diso lake laona.

Potsiriza analemba pa pepala mitengo itatu, uliwonse ndi dzina la kampani ndi mtundu wa galasi, nalongosola kuti odula kwambiri ali ndi kanjira kotakata ndi m'mbali mosapindika kwambiri. Yonse inali mazana angapo a ma euro. Anandilangiza wapakati. Analembanso kuti maso anga akakana, magalasi adzapangidwanso popanda kulipira kena.

Mayeso pa makwerero

Patapita masiku asanu ndi atatu tinaitanidwa. Magalasi anabwera ali ndi zizindikiro za inki, ndipo iye sanazifute kufikira ataona kuti kamtanda ka pa galasi kagwera pa kamwana ka diso. Anandionetsanso cinsinsi cimene ambiri sacidziwa. Ukapendeketsa galasi la progressive pa kuwala, uona tizizindikiro tiwiri tozokotedwa, totalikirana mamilimita 34, pamodzi ndi nambala ya mphamvu yowerengera, ndipo kawirikawiri ndi cizindikiro ca kampani. Ndi timeneti katswiri wina aliyense, ngakhale ku Lusaka kapena ku Chipata, angathe kudziwa galasi limene wabvala ndi kuona ngati linaikidwa molunjika.

Malangizo ake anali acidule. Loza ndi mphuno cimene ufuna kuona, osati kuponya maso kumbali. Powerenga tsitsa maso, osati mutu. Potsika makwerero tsitsa cibwano kuti uyang'anire pamwamba pa galasi, cifukwa ukayang'anira pansi pake mapazi aoneka ngati ali m'madzi. Magalasi akale uwatsekere m'sutukesi, pakuti ubongo suphunzira njira yatsopano ukamabwerera ku yakale.

Kumapeto kwa Msewu wa Nyani kuli Piazza di Spagna ndi makwerero ake ochuka oposa 130, omangidwa m'zaka za m'ma 1720, okwera ku chalichi ca Trinità dei Monti. Kuyambira 2019 nkoletsedwa kukhala pansi pa makwerero amenewa, conco wotopa apumira ciriri. Kumeneko ndiko ndinakayesera magalasi anga pa tsiku lacitatu. Kukwera kunali kosabvuta. Potsika, makwerero oyamba anaoneka ngati akusefukira, ndipo muphwa wanga anandigwira pa cigongono nati, "Cibwano pansi, amalume." Nditatero miyala inakhazikika. Pofika pa kasupe wa pansi ndinali kuyenda ndekha.

Panatsala kabvuto kamodzi: powerenga ndinali kukweza mutu kuposa muyezo, ndipo khosi linali kuwawa. Tinabwerera ku Via Appia Nuova. Mai uja anandipatsa nyuzipepala, nandiyang'anira cammbali, kenaka anatenga kapulayala ndi kufinya timapazi ta pamphuno kuti felemu ikwere pang'ono. Nchito ya mphindi zitatu inathetsa zonse. Ndikanakhala nditakwera kale ndeke, kanthu kakang'ono kameneka kakanandinyansitsa magalasi abwino.

Madzulo a tsikulo tinalowa m'chalichi ca Santa Maria del Popolo, mmene muli cithunzi cimene Caravaggio anajambula ca m'ma 1601, ca Paulo Woyera atagwa cagada pansi pa kavalo, maso ali citsinzire. Ndinaona minofu ya kavaloyo ndi makwinya a pamphumi pa womugwira, kenaka ndinatsitsa maso ndi kuwerenga timalemba ta pa kabuku ka alendo, dzanja langa osapita m'thumba.

Kwa inu amene mudzayenda

Awerengi okondedwa, ambiri a inu muli ndi ana ku Johannesburg, ku London kapena kwina, ndipo tsiku lina adzakuuzani kuti mukagule magalasi kumeneko. Yambani mwaonana ndi dokotala wa maso kuno kwathu, monga ku cipatala ca maso ca UTH kapena ku Mwami, cifukwa ng'ala ndi matenda ena a maso sizicira ndi magalasi, ndipo amene ayembekezera opaleshoni ya ng'ala angotaya ndalama, popeza manambala ake adzasintha. Mukafika, pitani kwa wopima maso mlungu woyamba, osati wotsiriza. Ngati ulendo wanu ndi wa masiku ocepa, ndi bwino kupangitsa magalasi kuno, kumene mungabwerere kawiri kapena katatu. Akatswiri osamala aliko, ndipo muwazindikira ndi zizindikiro zomwezi. Ku Italy pewaninso pakati pa Ogasiti, pamene masitolo ambiri atseka cifukwa ca chuthi.

Funsani eni dera kumene iwo apita. Onani ngati wopimayo afunsa za nchito yanu, ngati akonza felemu pankhope asanapime, ngati apima diso lirilonse palokha, ndiponso ngati alemba dzina la galasi ndi lonjezo lake. Musacoke popanda lisiti, pepala la manambala a maso anu, miyezo ya nkhope yanu ndi kakhadi ka kampani yopanga galasi. Pemphani timasikuluwu ndi timapazi ta pamphuno tapadera. Mukafika kwathu, tsukani magalasi ndi madzi musanawapukute, cifukwa fumbi la m'cilimwe likanda ngati mcenga, ndipo musawasiye pa dzuwa m'galimoto, pakuti kutentha kung'amba utoto wosaoneka umene ucepetsa kunyezimira. Mukawasamala motero adzakutumikirani kufikira maso anu atafuna manambala ena, ndipo pa nthawiyo mapepala aja adzathandiza katswiri wa kuno kuyambira pamene mnzake wa kutali analekezera.